Mahedifoni Ako ndi Amene Ali Pakhutu

Anthu ofwenkha fodya akuchepa, koma mwambi umene anatisiyira ukukana kupuma pantchito. Akuluakulu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anayeza ulendo waufupi kwambiri umene katundu angayende, kuchoka pachala kufika pamphuno, n'kupezabe kuti pakati pakepo pali ngozi. Kamphepo kakhoza kudutsa, mwana akhoza kukugunda chigongono, ngakhale mwini wakeyo akhoza kuyetsemula. Tsono akanati chiyani akuluakulu aja akanamva kuti mdzukulu wawo wa ku Madziabango akufuna kulipiriratu mahedifoni amene sanapangidwe n'komwe, ku kampani ya kutsidya kwa nyanja imene sanaonepo khomo lake, ndi madola amene banki ikuti ilibe?

Malonda ake amayenda motere. Kampani imaika chithunzi chokongola pa intaneti n'kulengeza kuti ipanga mahedifoni owerengeka okha, aliwonse okhala ndi nambala yakeyake. Mtengo watsitsidwa, koma kwa okhawo olipira lero. Katundu adzabwera pakatha miyezi ingapo. Pambali pa chithunzicho pamakhala kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo, ndipo ntchito ya kawotchiko ndi imodzi yokha: kuti munthu asapeze mpata wofunsa mkazi wake.

Kulipiriratu si chinthu chachilendo kumidzi ya Blantyre. Telala amalandira dipoziti ya yunifomu sukulu zisanatsegulidwe. Kalipentala wa pa Lirangwe amatenga theka la ndalama ya bedi kuti akagule matabwa. Amene ali ndi m'thumba mwakuya amalipira galimoto ya ku Japan kudzera pa Be Forward, n'kumaiyembekezera kuti itsike pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa pa chipata cha Songwe. Kusiyana kwake n'kwakuti telala akazengereza, nyumba yake imadziwika, anyakwawa ake amadziwikanso, ndipo mkazi wake amatunga madzi pamjigo womwe amatungapo wako. Kampani ya pa intaneti ilibe mjigo.

Amene amakayikira zimenezi afunse anthu amene analipira kampani ya Ossic ya ku San Diego, ku America. Mu 2016 kampaniyi inalonjeza mahedifoni otchedwa Ossic X, amene ankati adzayeza mutu ndi makutu a munthu kuti mawu azimveka ngati akuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba pomwe. Anthu anakhuthula ndalama zoposa $2.7 miliyoni pa Kickstarter pokha, ndipo maoda onse anafika pafupifupi 22,000. Mu Meyi 2018 kampaniyo inalengeza kuti ndalama zatha, ikutseka. Mahedifoni amene inali itapanga anali 250. Pafupifupi onse olipirawo anatsala ndi uthenga wopepesa ndi makutu awo akale. Awatu sanali anthu osaphunzira ayi. Pakati pawo panali akatswiri a makompyuta ndi okonda nyimbo odziwa kuwerenga manambala onse a pabokosi, kungoti bokosilo kunalibe.

Mnyamata wa ku Madziabango asamve manyazi kwambiri, popeza matenda amenewa anagwirapo ngakhale boma lake. Mu 2022 dziko linadzidzimuka kumva kuti K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipiridwiratu ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods Limited, imene ntchito yake yodziwika inali ya nyama. Feteleza sanabwere. Mu Okutobala chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, pamodzi ndi wachiwiri wawo, ndipo mpaka lero Amalawi akamva mawu akuti butchala amayamba aseka kaye. Komatu boma linali ndi maloya oti athamangire ndalamayo mpaka ku Ulaya. Mnyamata wathu ali ndi bandulo ya WhatsApp yothera pakati pa usiku.

Si kuti onse olipiriratu amalira. Kumapeto kwa 2016 kampani ya Massdrop ya ku San Francisco, imene pambuyo pake inafupikitsa dzina kukhala Drop, inagwirizana ndi Sennheiser ya ku Germany kutulutsa mahedifoni otchedwa HD 6XX. Kwenikweni anali HD 650 yemwe uja, wotchuka kuyambira 2003 ndipo wogulitsidwa pafupifupi $500, atangosinthidwa mtundu ndi chingwe. Mtengo unali $199. Oyamba anali 5,000 okha, ndipo anthu anachita kulimbirana. Katundu anafika, anali wabwino, ndipo ogulawo anali ndi chifukwa chodziguguda pachifuwa.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake woseketsa. Mahedifoni aja ankati ndi owerengeka anapangidwanso, kenako anapangidwanso, mpaka anagulidwa oposa 100,000. Munthu amene anasowa tulo mu 2016 kudikirira kawotchi, ndi mnzake amene anagona tulo tofa nato n'kudzagula patapita zaka zitatu, anamva nyimbo zofanana pamtengo wosasiyana kwenikweni. Woyambayo anangopambana ndi nambala yaing'ono yolembedwa mkati, pamalo pamene palibe amaona akawavala. Malonda a HD 6XX anayenda bwino chifukwa chinthucho chinalipo kale, chinali chitayesedwa zaka 13, ndipo wochipanga anali ndi fakitale yake. Ossic ankagulitsa maloto okhala ndi chithunzi.

Owerengeka enieni alipo, koma sakhala ndi kawotchi kotsitsa mtengo. Mu 1991 Sennheiser inapanga mahedifoni otchedwa Orpheus, 300 okha padziko lonse, pamtengo woposa $12,000. Mu 2015 inatulutsa m'bale wake, HE 1, wa pafupifupi €50,000, wokhala ndi ampulifaya yoikidwa m'mwala wa marble wochokera ku Carrara, ku Italy. Anthu ogula zoterozo safunsa ngati malondawo ali ndi phindu. Wofunsa funso limenelo ndi amene ndalama yake inachokera ku nandolo, ku makala kapena ku kabaza, ndipo ndiye amene kawotchi kaja kakumusaka.

Tiyerekeze kuti kampani ndi yokhulupirika ndipo katundu wapangidwadi. Fodya akadali pachala, ndipo mphepo za kuno kwathu sizinayambe n'komwe kuwomba. Yoyamba ndi ya kubanki. Airtel Money ndi Mpamba zimagula tomato pa Lirangwe ndi mayunitsi a magetsi, koma wogulitsa wa ku America akufuna madola, ndipo kwa zaka zingapo tsopano madola akhala akusowa moti ngakhale oitanitsa mafuta ndi mankhwala amaima pamzere. Mnyamata uja amathera kwa achimwene ena a ku Joni kapena kwa msuweni wa ku Ireland kuti amulipirire, ndipo pamenepo pabadwa ngongole ina yokhala ndi mtengo wakewake wa dola, wosafanana ndi wolembedwa m'nyuzipepala.

Ikadutsa imeneyo, pakubwera ya mtengo wotumizira, umene nthawi zina umapikisana ndi mtengo wa katunduyo. Fomu ya pa intaneti ikufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, pamene adiresi yoona ya mnyamatayo ndi yakuti mukatsika minibasi mufunse pa golosale. Phukusi likatera pa bwalo la ndege la ku Chileka kapena ku ofesi ya otumiza katundu m'tauni, a MRA amakhala akuliyembekezera ndi msonkho wa kasitomu ndi VAT, zowerengedwa pamtengo wa katundu kuphatikizapo ndalama yotumizira. Mtengo wotsitsidwa uja pofika apa wanenepa kale. Ndipo mbali imodzi ya mahedifoniwo ikangosiya kulira pakatha mwezi, chitsimikizo cha kampani chimati bwezani katunduyo tikukonzereni, ulendo wonse uja chobwerera, wolipira yemweyo.

Anganga a mnyamatayo, amene kabotolo ka fodya sikachoka pamfundo ya chitenje chawo, akhoza kuizenga nkhaniyi mwachidule.

"Ndalama wapereka?"

"Eya, anganga."

"Nanga chinthucho chili kuti?"

"Akupanga, anganga. Chifika mwezi wa Malichi."

"Iwe, ndiye kuti wawabwereka ndalama azunguwo. Chiwongoladzanja akupatsa zingati?"

Funso lomalizalo ndi la katswiri wa zachuma. Wolipiriratu amakhala wakongoza kampani ndalama popanda chikole ndi popanda chiwongoladzanja, ndipo kutsitsa mtengo kuja ndiye malipiro ake onse. Ku banki m'khonde amayi salola zoterozo ngakhale kwa mnzawo wa mpingo umodzi.

Tinene kuti mphepo zonse zalephera, phukusi lafika, mahedifoni akwera pamutu. Apa mpamene mnyamata amaphunzira zimene chithunzi sichinanene. Mwachitsanzo, HD 6XX ndi wa ma ohm 300, pamene timahedifoni ta Oraimo ndi tina ta pamsika wa Limbe timakhala ta ma ohm 16 kapena 32. Tanthauzo lake n'lakuti foni ya itel kapena Tecno imawaliza monyinyirika, ndipo kuti aonetse mphamvu zawo pamafunika ampulifaya, imene ndi oda ina, madola ena, msonkho wina. Ampulifaya yapatebulo imafuna magetsi, ndipo anthu a m'chigawo chino sanaiwale mmene namondwe Ana anagumulira damu la Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuwonjezera apo, mahedifoni apamwamba ambiri ndi otseguka kumbuyo, amapangidwira chipinda chachete. Mu minibasi ya ku Chikwawa, wowavala amamva kondakitala, injini ndi nkhuku, pamene oyandikana naye akumva nyimbo yake yonse kwaulere.

Palinso nkhani ya chimene akumveracho. Nyimbo imene yadutsa m'mafoni asanu, kapena yolowetsedwa m'memori pa kashopu ka pamsika, kawirikawiri imakhala itafinyidwa mpaka mafupa. Mahedifoni abwino sabisa kanthu, amaulula zonse. Munthu amalipira ndalama zambiri kuti amve bwinobwino kuipa kwa fayilo yake.

Apa wolemba ayenera kuchitira chilungamo khutu, chifukwa dera lino si la anthu ogontha nyimbo. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, n'kumene kunachokera Daniel ndi Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kujambula nyimbo zawo mu 1967. Ku Chileka komweko kunachokera Robert Fumulani, Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Munthu amene akufuna kumva chala cha Daniel Kachamba chikukhudza nsambo ya gitala, kapena kulekanitsa besi ndi ng'oma m'nyimbo ya Mablacks, sakulakalaka chinthu chopusa. Kusiyana kwa mahedifoni abwino ndi apamsika n'koona, kumamveka ngakhale kwa amene sadziwa kuti ohm n'chiyani. Chimene chikuzengedwa pano ndi njira yogulira, chilakolakocho chilibe mlandu.

Ndipo mwambi uja uli ndi vuto limene anganga sanalione, chifukwa m'masiku awo ndalama inkagona m'kachitini n'kudzuka ili yomweyo. Lero kwacha ya m'thumba nayonso ndi fodya wa pachala. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Chinthu cha $199 chimene madzulo chinali pafupifupi K235,000, m'mawa mwake chinali K338,000. Amene analipiriratu sabata imeneyo anapulumutsa ndalama zoposa K100,000 ali mtulo, ndipo wodekha uja, wosunga ndalama pansi pa mphasa pomvera malangizo a akuluakulu, ndiye amene mphepo inamuseka. Ogula magalimoto a ku Japan amawadziwa bwino masamu amenewa, n'chifukwa chake amathamangira kulipira dola ikangopezeka.

Komabe masamu amenewa akunena za kulipira msanga chinthu chimene chilipo. Galimoto ya pa Be Forward ili ndi nambala ya chesisi, yaima pabwalo, yajambulidwa ndi mikwingwirima yake yomwe. Kuthawa kugwa kwa kwacha pothawira ku kampani imene sinapangepo kanthu ndi kusintha mphepo chabe. Ndiponso amene akuopadi kuti ndalama yake isungunuka ali ndi malo ena oiika pafupi: malata, thumba la feteleza mvula isanagwe, mbuzi yaikazi, kapena sola yoti izitchaja foni imene mahedifoniwo adzalumikizidweko.

Chigamulo chake n'chakuti malonda olipiriratu ali ndi phindu pokhapokha wopangayo ali wodziwika kale, chinthucho chili chakale chimene ena anachivala n'kuchiyamikira, ndipo pali m'bale wodalirika wobwera nacho m'chikwama kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya, wokhala ndi lisiti yoonetsa pachipata. Zitatuzi zikasowa chimodzi, mnyamata wa ku Madziabango atseke tsambalo, kawotchi kathe kokha, akwere minibasi ya ku Limbe ndi foni yake m'thumba, akayese mahedifoni pakhutu asanatulutse ndalama.