Mlandu wa Chimbale m'Mabwalo Atatu a Lilongwe

Pa miyambo yonse imene anthu a mumzinda wa Lilongwe adadziunjikira chisamukire likulu la dziko kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, palibe umene amausunga ndi changu choposa mwambo wolira nyimbo zakale; pakuti mwamuna wa mzinda uno, imvi zikangoyamba kumera m'mbali mwa makutu, dotolo namuletsa mchere, shuga ndi nyama yonona, pomwepo amasanduka mboni yolumbira kuti kuimba kudatha m'dziko chaka chimene iye adaleka kuvina. Mudzawamva amuna otere pamaliro, pazinkhoswe ndi pamizere yodikira mafuta a galimoto, akutchula Kalimba ndi Makasu, akutchula MBC Band ndi Alleluya ya ku Balaka, akutchula Robert Fumulani ndi anyamata ake a Likhubula River, napukusa mitu yawo, nati: "Ha, akadabwerera anthu amene aja!" Koma makolo athu, amene adaudziwa mtima wa munthu asanaione galamafoni, adatisiyira mawu akuti walira mvula walira matope, ndipo matopewo adafikadi mumzinda uno m'chaka cha 2023, kuchokera kutsidya la chipata cha Mchinji.

Kwa anansi athu a ku Zambia kuli gulu loimba lotchedwa WITCH, limene lidabadwira kumigodi ya kopa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, wotsogolera nyimbo ali Emmanuel Chanda, amene anthu adamutcha Jagari poona kuti kadumphidwe kake pansanja kankawakumbutsa Mick Jagger wa ku England. Masiku amenewo Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi ya dziko, 95 zikhale za eni nthaka, ndipo anyamata aja, ndi magitala awo olira mokalipa, adakolola zipatso za lamulolo, makamaka ndi chimbale chawo cha 1975 chotchedwa Lazy Bones!! Koma mtengo wa kopa utagwa, malamulo oletsa kuyenda usiku natseka malo a zisangalalo, Jagari adachoka nakakhala mphunzitsi, pambuyo pake nakakumba miyala ya mtengo wapatali. Otsalawo, atalandira Patrick Mwondela woimba limba, adatembenukira ku disiko, natulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, kenaka kudangoti zii. Anzake onse amene Jagari adayamba nawo gululo adatsikira kuli chete mmodzimmodzi. Kudalira kuti kampani ya ku America ya Now-Again isindikizenso zimbale zakalezo mu 2012, ndi kuti Gio Arlotta wa ku Italy ajambule kanema wa mbiri yawo amene adatuluka mu 2019, kuti akuluakulu awiri aja, Chanda ndi Mwondela, asonkhanitse achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, aitanenso mwana wa kwawo Sampa the Great, ndi kutulutsa Zango mu June 2023, patapita zaka 39. M'chimbale chimenechi gitala akali kulira ndithu, koma mpando wa ufumu udaperekedwa kwa bezi ndi ng'oma, m'maimbidwe aja a funk amene James Brown adawafalitsa padziko, amene amafika m'chiuno mwa munthu mutu usanapereke chilolezo.

Mlandu wa chimbale chimenechi udazengedwa m'mabwalo atatu a mzinda uno, ndipo loyamba lidakhala Loweruka lina ku Area 10, kuseri kwa mpanda wa njerwa wotalika koposa khoma la tchalitchi, kumene bwana wina wopuma pantchito ya boma adaitana anzake kuti adzaotche nyama imene madotolo awo adawaletsa. Mwana wake, wongobwera kumene kuchokera kusukulu ya ku Ulaya, adatulutsa m'chikwama mbale yakuda ya galamafoni, imene mtengo wake adakana kuutchula pamaso pa mayi ake, naipereka ndi manja awiri, nati: "Adadi, ndakugulirani anthu anu aja mumawatchula kawirikawiri." Pomwepo padabuka vuto, pakuti m'nyumba yonse ija, mmene muli wailesi ya kanema m'chipinda chilichonse kupatula cha mlonda, mudalibe choimbira mbale, galamafoni adaipereka kalekale kwa mnyamata wa m'maluwa pamene ma CD adafika, ndipo zimbale zakale, zimene lero amazilira, adona adazitaya kudzala posamuka ku Area 18, poti zinkasonkhanitsa mphemvu. Motero nyimbo zidaimbidwa palamya ya m'manja ya mwanayo, mbale yeniyeniyo ikuyenda m'manja mwa alendo, aliyense akuitembenuza, kuinunkhiza, ndi kuipereka kwa mnzake mwaulemu.

Nyimbo yoyamba isanafike pakati, mwini nyumba adakweza dzanja. "Mwanawe, akunamiza. Awa si a WITCH ai. Ife tinkawavina anthu amenewa tsitsi lili m'mapewa, gitala akung'amba denga. Izi nzovinira ana a sukulu." Mayi wa pakhomo, amene adalowa naye m'banja akali kalaliki wa makalata, adayankha osachotsa maso pa anyezi amene ankadula: "Tsitsi lake liti, abambo? Masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ife amayi lamulo la 1973 litatiletsa buluku ndi siketi yoonetsa maondo. Inu ndidakupezani mutameta bwinobwino, khadi la chipani lili m'thumba, ndipo mukaweruka munkathamangira kukwaya." Alendo onse adayang'ana nyama pamoto, pakuti anyani sasekana zikundu.

Loya wina wa ku Area 43, pofuna kuombola mnzake, adayambitsa mkangano wina, nati: "Achimwene, mukulakwitsa nonse, WITCH yeniyeni ndi ya disiko ya 1980, imene ndidaiona ndi maso angawa ku Lusaka." Ena adamutsutsa kuti disikoyo ndiyo idali mpatuko woyamba, ndipo iwonso adaliona gululo ndi maso lisanapatuke, kotero kuti mukadawerenga amuna a ku Area 10, 12 ndi 43 amene amalumbira kuti adaliona, bwalo la Civo silikadawakwana. Mkangano ukadafika mpaka tambala woyamba, mwana uja akadapanda kunena mwachidule kuti manyuzipepala a ku London adachitama chimbalecho, ndi kuti akuluakulu aja akuyendayenda m'mizinda ya ku Ulaya ndi America, anthu akudzaza nyumba zoimbira. Padakhala bata. "Kodi azungu akuzikonda?" adafunsa mwini nyumba motsitsa mawu. Atamuyankha kuti inde, adakonza magalasi ake, nati: "Tabwezera poyambirira, mwanawe, utsi wa nyamawu unandisokoneza. Ndimanena ine kuti muli kuzama mu nyimbo zimenezi." Koma phazi lake lotupa ndi nyamakazi, limene silidziwa njira ya ku London, lidali litayamba kale kugunda pansi pa tebulo chiyambire nyimbo yoyamba ija.

Bwalo lachiwiri lidakhala Lolemba m'maofesi a ku City Centre, kumene jekete limakhala pampando kuyambira m'mawa kufikira madzulo kuchitira umboni kuti mwini wake sali patali. Mbiri itafika kumeneko kuti nkhalamba za ku Zambia zikulemekezedwa kunja, akuluakulu a maofesi, amene adali asanamve ngakhale nyimbo imodzi ya chimbalecho, adagwidwa ndi chisoni chachikulu pa chikhalidwe chathu chimene chikutayika. Adagwirizana, akudya nsima ya chambo kumsika wa Area 13, kuti mpofunika kuukitsa oimba athu akale. Ndipo popeza chinthu sichingauke m'dziko muno popanda msonkhano, ndi msonkhano sungaganize bwino kutali ndi madzi, adaona kuti nkhaniyi iyenera kukakambidwa ku Salima kapena ku Mangochi, kwa masiku okwanira kuti alawansi ikhale ndi tanthauzo. Adasankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma. Adakambirana za mtundu wa malaya osindikizidwa mawu, ndi za mlendo wolemekezeka wodzatsegulira msonkhano. Mtsikana wina wongolembedwa kumene ntchito atafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bwana, nanga oimbawo tiitana angati?" adauzidwa kuti bajeti siikulola, koma malipoti adzawatumizira. Awa ndiwo anthu amene, gulu loimba likabwera ku BICC, amafika mochedwa nakhala kumipando ya kutsogolo ndi tikiti yaulere, nkhope zili gwaa, kudikira nthawi imene woimba adzatchule dzina lawo pakati pa nyimbo.

Bwalo lachitatu, limene silikhala ndi wapampando, lili ku Old Town, m'mphepete mwa msewu wa Malangalanga, kumene oitanira minibasi, alaliki a m'misewu, akabaza ndi ogulitsa kaunjika amapikisana mawu kuyambira mbandakucha. Kumeneko kuli anyamata obena nyimbo, aliyense ndi kompyuta yake yafumbi ndi sipika yaikulu koposa benchi yake, ndipo anyamata amenewa, amene sadawerengepo nyuzipepala ya ku London, adagawa nyimbo zonse za pansi pa thambo m'mitundu itatu yokha: zovinika, zosavinika, ndi zauzimu. Zango idaweruzidwa msangamsanga kuti njovinika, niikidwa m'fulashi pakati pa amapiano a ku South Africa ndi kwaya ya Mvano. Mmisiri wina wa matabwa wa ku Mchesi, wa imvi mutu wonse, amene adabwera kudzagula misomali, adaima atamva bezi uja, naika pansi kathumba kake, nayamba kugwedeza mapewa pakati pa chigulu. Mnyamata adamufunsa: "Madala, mukuwadziwa?" Iye adati: "Ndinkawamva pawailesi ya ku Zambia ndili mnyamata ngati iwe." Mnyamata adati: "Ena akuti asintha." Mkulu uja adaseka, nati: "Iwo akalamba, ine ndakalamba. Akadaimba monga anyamata ndikadawachitira manyazi. Tandiikira zonse, mwana wanga." Adapereka ndalama yochepa, natenga chimbale chonse pamodzi ndi zina makumimakumi, ndipo pa ndalama imeneyo, ngakhale kuti dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA chiyambire 1992 ndi lamulo latsopano loteteza aluso la 2016, palibe tambala imene idzaoloke chipata cha Mchinji kukafika m'thumba la Jagari.

Tsono wakumva mlandu m'mabwalo onse atatu adzaona kuti woimbidwa mlandu weniweni sadali chimbale. Gulu loimba likabwerera patapita zaka zambiri limafanana ndi mtchona wobwera kuchokera ku Halale, amene abale ake adamulira zaka zonse, koma atafika amamukwiyira chifukwa wanenepa, wachita dazi, ndipo lilime lake lapotoka. Pakuti amene ankamudikira ndi mnyamata uja adamuperekeza pasiteshoni, ndipo koposa apo ankadikira unyamata wawo womwe, umene adaganiza kuti udzatuluka m'sutukesi mwake. Bwana wa ku Area 10 adachoka ku Kawale nakafika ku Area 18, nachokanso kukafika kuseri kwa mpanda. Adasintha tchalitchi kawiri ndi chipani kanayi, adaleka mgaiwa nayamba mpunga, kenaka dotolo adamubwezera ku mgaiwa. Zonsezi amazitcha chitukuko. Koma woimba akangosuntha ng'oma kuiika patsogolo pa gitala, ameneyo ndiye wagulitsa ukulu wake. Timafuna kuti oimba athu asanduke chulu cha mchere pamalo pamene tidawasiya, kuti ife, podutsa pagalimoto, tiziwaloza kwa ana athu.

Ndipo tisanene kuti khalidwe limeneli timachitira alendo okha. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, adaimba ndi gitala wake zaka zochuluka, anthu a m'tauni akumuona ngati nkhalamba yosangalatsa pamowa. Koma Patience Namadingo ataimba naye mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo niyenda pa TikTok kufikira maiko amene sadziwa kumene Malawi ali, mzinda wonse wa Lilongwe udadzuka m'mawa uli mdzukulu wake. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ife tidaonjezapo kuti ngakhale kalumo kathu komwe sitikakhulupirira kufikira mlendo atakayesa pandevu zake.

Chifukwa chake, inu akuluakulu athu amene magitala anu ali pansi pa bedi ku Biwi, ku Chilinde ndi ku Area 25, ngati kulira kwa mzinda uno kwakufikani m'makutu ndipo mtima ukukuuzani kuti mubwerere, bwererani ndithu, pakuti pagule fumbi ndiwe mwini. Imbani monga mmene maondo anu ndi makutu anu a lero akukulamulirani; ngati bezi wakula mtima, mlekeni alankhule. Sungani nyimbo imodzi yakale ya kumapeto, kuti mabwana apeze mpata woimirira ndi kuonetsana kuti amaidziwa mawu ake. Ngati nkotheka, pezani mzungu mmodzi, ngakhale wongodutsa pa ulendo wa kunyanja, aime pafupi ndi nsanja akugwedeza mutu, pakuti ameneyo adzakupulumutsani ku mikangano yambiri. Koma koposa zonse, ndalama za pakhomo muwerengeretu chingwe cha gitala chisanalire. Pakuti amene akufuula kwambiri kuti mubwerere ndi omwewo amene adzafike pachipata m'manja muli mbee, akufunsa mlonda ngati sakuwadziwa kuti iwo ndi yani.