Mudzi wa M'mwamba

Anyamata a ku Ntaja, Nselema ndi Ulongwe, amene agogo awo anapita ku migodi pa Wenela nagona m'makomboni, lero akwera m'nyumba zosanjikizana za ku Mayfair ndi Fordsburg mu Johannesburg, kumene munthu, angakhale mwana wa mfumu, amagona kunsi kwa mapazi a mnzake amene sadziwa ndi mfunda wake womwe. Kumeneko mtondo ulibe malo, pakuti musi ukagunda kamodzi, apansi akwera kudzadandaula; nkhokwe ndiyo kathumba ka ufa kuseri kwa chitseko; ndipo amalume, amene ku Machinga amangoti odi nakhala mpaka chimanga chitacha, ayenera kuyamba aimba foni, napatsidwa tsiku.

Koma taonani chodabwitsa: munthu yemweyo, wolipira lendi ya kachipinda kamene agonamo asanu, atumiza marandi kumudzi namangitsa nyumba yamalata ya zipinda zisanu, m'mene adzikulungiramo alamu ake, ndipo pakhonde padzikulungira mbuzi. Akulu sananame: kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Inu a m'mwamba, tsikani mukagonemo mukadali ndi mpweya, pakuti wobwera m'bokosi sayamikira malata.