Kwa Eni Kulibe Mkuwe, Ngakhale Utalipira

Makolo athu, amene ankadutsa pansi pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Michesi ndi la Mulanje, atasenza kamba wa makaka ndi mtedza, anatisiyira mawu akuti kwa eni kulibe mkuwe, mutu wa nkhuku n'chiwalo. Ndipo ife amuna a kuno ku Phalombe, amene ambiri tili pa chikamwini, mwambiwu sitichita kuuphunzira kusukulu, pakuti timaudya tsiku ndi tsiku. Koma akuluakuluwo ankanena za mlendo wodya chaulere, osadziwa kuti kudzakhala mzinda umene mlendo adzalandira mutu womwewo, nathokoza, nalipiranso.

Taganizani za munthu amene wagulitsa nandolo wake pa Migowi, nanena kwa akunyumba kwake kuti, "Mayi, asambitseni anawa akaoneko Blantyre." Akwera minibasi kusanache, natsika ku Limbe, napitirira ku Blantyre, ana aona tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga pamodzi ndi amisiri a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, nazizwa ndithu, koma dzuwa likafika paliwombo mwana safunanso mbiri ya amishoni, ndipo pamenepo mpamene ukulu wa bambo uyesedwa.

Nzeru yoyamba imene imabwera ndiyo ya alamu a ku Bangwe kapena ku Ndirande. Iwo adzakulandirani ndi manja awiri, mosakayika, nalandiranso tambala amene mwabwera naye, nammanga mwendo kuseri kwa nyumba ati adikire Lamulungu. Ndipo inu, amene mubwerere lero lomwe, mudzadya bonya uku mukumva ndiwo zanu zikulira panja. Musawade alamuwo. Kumeneko makala n'ngogula, madzi n'ngogula, ngakhale chisoso chimene ife timapalira m'munda n'kutaya, iwo amachigula pa mulu.

Tsono munthu wofuna ulemu amalowetsa banja lake m'nyumba zodyeramo za magalasi, zonga zimene zili cha ku Chichiri, kumene mnyamata wovala bwino kuposa mkwati amakutchani bwana, nakupatsani chipepala cha zakudya. Ana awerenga kumanzere kumene kuli maina, bambo awerenga kumanja kumene kuli mitengo, ndipo thukuta liyamba ngakhale m'nyumbamo mukuzizira. Chibwera chiwalo chimodzi cha nkhuku yoyera, ya mafupa ofewa, chitagona pa tchipisi, pa mtengo woti bambo akauwerengera m'mabeseni a nandolo mtima umawawa, mayi adya mwaulemu, napukuta pakamwa, nanong'ona kuti, "Bambo, kodi nsima ibwera nthawi yanji?" Kukuwa simungathe, pakuti muli kwa eni. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mphodza, komatu iye anakhuta.

Za pachiwaya sindinena zambiri. Pamenepo mutu ndi zipalapasiro zili pa malonda poyera, ndipo bambo amene kwawo sakhudza mutu wa nkhuku, poti n'chakudya cha ana, amaudya ataimirira m'mbali mwa msewu, nathirako tsabola.

Ine ndikadafunsidwa, ndikadalozera banjalo kwa amayi ophika mumsika wa Limbe, kumene munthu usanakhale n'komwe pa benchi wina wafika kale ndi jagi ndi beseni kudzakusambitsa m'manja. Kumene nsima imabwera ya nthunzi, mitanda yooneka, ndi nyemba, ndi mpiru wotendera, ndi nkhuku ya lokolo imene inayendapo pa dziko. Kumenenso mlendo angathe kukweza mawu pang'ono nati, "Mayi, tawonjezerani kamsuzi," ndipo msuziwo n'kubweradi popanda kulembedwa pa pepala. Sankhani pamene pali anthu ambiri ndi mapoto otentha, pakuti ndiwo zimene zagona sizichitira chifundo mwana wokhala pakati m'minibasi. Funsani mtengo musanasambe m'manja, chifukwa wosamba kale alibe mlandu woti awine. Ndalama ya ulendo wobwerera ikhale yomangidwa m'mpango wa mayi kuyambira mmawa, bambo asaidziwe pamene ili, pakuti kondakitala wa minibasi ya ku Phalombe mungamuphere mwambi wokoma chotani, adzakutsitsanibe pa Chiradzulu.