A Tcheya a Achinyamata Ali ndi Zidzukulu

Loweruka lapitali kunyumba kwanga kunafika mlendo wochokera kwathu ku Dedza, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, chikwama cha pulasitiki chili m'khwapa. Sanaimbe foni. Anthu akwathu amaimba foni pokhapokha akamabwera kudzabweza ngongole, n'chifukwa chake foni yanga imangokhala duu.

Anali a Tcheya. Dzina la ubatizo ali nalo, koma ngakhale mayi akunyumba kwawo amawaitana kuti a Tcheya. Chiyambire, kalabu ya achinyamata ya m'mudzi mwathu yakhala m'manja mwawo, bambo wa imvi m'mutu ndi m'ndevu, woyenda ndi mandala owerengera komanso mapiritsi a BP m'thumba.

"Bwana, mwana wakwathu, inu cholembera chimakumverani," anatero akukokera mbale ya ndiwo kufupi. "Mutilembere kabuku ka mbiri ya kalabu. Chithunzi changa chikhale pachikuto. Komanso pali kafomu aka."

Pa kafomuko dzina langa linali litalembedwa kale, pambali pake K50,000, ya bolopeni kuti isafufutike. Akuti mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linafika paliwombo, n'kupendeka, n'kulowa, osakamuka. Anagona. M'mawa anapempha ya thiransipoti, kenaka ya Fanta ya panjira.

Mbiri akuifunayo nayi, ndipo sindilipiritsa.

Kalabu isanabadwe, achinyamata anali ndi mwini wake. Kamuzu anakhazikitsa apayoniya mu 1963, ndipo pambali pawo panali ayufi a malaya ofiira, amene anthu ankawatcha chiswe, koma chapansipansi. Iwowa ndiwo ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Enafe gawo lathu linali Sabata ya Achinyamata: sabata yathunthu osatsegula kope, tikulambula misewu, kutunga madzi ndi kuumba njerwa. Kanyumba kamene a Tcheya amati "ofesi yanga" dothi lake tinaponda ndife tili ku pulayimale. Asilikali atathyola apayoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, chisankho cha 1994 n'kudutsa, m'mudzi monse simunapezekenso munthu amene anavalapo malaya ofiira. A Tcheya amati nthawi imeneyo iwo anali a kwaya. Agogo anga, amene anabwezedwa pamsika ndi dengu la tomato chifukwa chosowa khadi, anamwalira akunenabe kuti woimba kwayayo mawu ake amafanana kwambiri ndi a mnyamata amene anawabweza.

Kalabu yeniyeni inabadwa ndi maliro, ndipo pano sindiseka. Zaka za m'ma 1990 adzukulu sankapuma, khasu la kumanda silinkauma dothi. M'masukulu munali makalabu a Edzi Toto, ndiye amene anasiya sukulu anati nafenso tipange yathu. Anyamata ndi atsikana aja ankachita zisudzo pabwalo la mfumu, kutchula poyera chimene akuluakulu ankangoti kaliwondewonde kapena matenda a boma. Ankatungira madzi odwala, kufolera nyumba za ana amasiye, popanda wowapatsa ngakhale banzi. A Tcheya nawo, tinene zoona, ankasewera bwino gawo la bambo wachuma wonyengerera ana asukulu, moti tsiku lina amayi anatola miyala kufuna kuwagenda.

Mavuto anayamba ndi pepala. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa National Youth Council, ndipo kumudzi kunamveka kuti gulu lofuna kudziwika ku boma likhale ndi malamulo olembedwa, komiti ndi chidindo. Mamembala olimbikira anali 11. Anasankha tcheya ndi wachiwiri wake, mlembi ndi wachiwiri wake, msungichuma, wosungitsa mwambo, wofalitsa nkhani, ndi makomiti membala atatu. Kunatsala munthu mmodzi, membala wamba. Iyeyu ndiye ankasesa, kunyamula mabenchi kutchalitchi, kulipira chindapusa akachedwa, ndi kuwomba m'manja komiti ikamalankhula. Atatopa anakwera basi ya ku Joni, ndipo komiti inakumana mwadzidzidzi kukambirana za kuchepa kwa mamembala.

Kenaka kunabwera magalimoto oyera a mabungwe, ndipo nawo anabwera mawekishopu. Kalata iliyonse inkati tumizani wachinyamata mmodzi, ndipo kalata iliyonse inkafikira m'manja mwa wosunga chidindo. A Tcheya anayenda: ku boma, ku Salima, ku Mangochi. Anaphunzira ulimi wa njuchi, ufulu wa ana, kuweta nsomba m'mudzi wopanda damu, kuphika phala la soya, ndi utsogoleri wa atsikana. Ulendo wina maphunziro anali a atsikana obereka ali aang'ono. Iwo anakhala mpando wakutsogolo, pakati pa makanda olira, n'kusayinira alawansi yonse. Atafunsidwa anati abwera kudzaimira jenda.

Wofuna mbiri ya chitukuko cha dziko lino asavutike kupita ku National Archives ku Zomba. Akatsegule sutikesi ya a Tcheya. Muli tisheti ya kudziletsa ndi tisheti ya makondomu, zomwe ankavala mosinthanitsa kuti asakhumudwitse mbali iliyonse. Muli ya maneti a udzudzu, ya kubzala mitengo, ya kuvota mwamtendere, yothetsa maukwati a ana, ya Covid, ya kolera. Munthu sanagulepo malaya, kusitolo kapena pa kaunjika, chiyambire ulamuliro wa Muluzi. Kumaliro amavala yolimbikitsa kusamba m'manja ndi sopo. Pa chinkhoswe cha mwana wawo wachisanu ndi chiwiri anafika atavala ya kulera.

Chimene chimandiwawa ine si matisheti koma alawansi. Alawansi inaphunzitsa mudzi wathu kuti munthu samvera nkhani ya moyo wake womwe asanalipidwe. Lero ukaitana anthu kuti tikonze mjigo umene akumwapo iwo eni, funso loyamba ndi lakuti, "Pali kangachepe?" Ukati palibe, wina akukumbukira kuti ali ndi maliro, wina mutu, wina mbuzi yasochera. Mudzi womwewu umene unkafolera nyumba za amasiye ulere! Aliyense wobwera ndi filipi tchati ankayamba ndi kugawa Fanta, n'kutiuza kuti tiwombe m'manja katatu, n'kujambula zithunzi. Malipoti ankawoloka nyanja onena kuti achinyamata mazanamazana apatsidwa mphamvu. Mphamvuzo zikuoneka kuti nazonso zili mu sutikesi.

Katundu anabweranso. Mbuzi zopatsirana zinali ndi matenda odabwitsa ogwira mu Disembala mokha, Khirisimasi ikayandikira. Makina osokera anapita kukasungidwa kwa alamu awo a msungichuma. Akusungidwabe mpaka lero, ndipo akusoka mayunifolomu a sukulu pomwe akusungidwapo. Njinga ya kalabu inakhala ya a Tcheya pang'onopang'ono, poyamba tayala, kenaka tcheni, mpaka tsiku lina anawerengera zitsulo zimene anasintha ndi ndalama zawo n'kupeza kuti za kalabu zatsala belu lokha. Makatoni a makondomu okha ndi amene anafika kwa ana. Ankawauzira mpweya, kuwakulunga ndi majumbo, kumanga ndi zingwe, n'kutuluka mpira wodunda kuposa chikulunga wamba. M'mbiri yonse ya kalabu, imeneyi ndiyo pulojekiti imene inafika kwa eni ake.

Andale amatikumbukira zaka zisanu zilizonse. A shado amabwera ndi bonanza ya mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, chikho chonyezimira ndi majezi a mtundu wa chipani, moti timu yathu yavalapo zachikasu, zabuluu, zalalanje ndi zobiriwira osasintha osewera. A shado akagwa pa chisankho, fainolo siseweredwa. Chikho cha 2009 mpaka lero chikadali pa semifainolo. Chisankho chimenecho ndicho chinatisiyira mpira wachikopa ndi pampu yake. Mpira unaphulika kalekale. Pampu ilipo, imagona kuchipinda kwa a Tcheya.

Malamulo a kalabu ankati tcheya alamulire materemu awiri. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti inagwa ku Nyumba ya Malamulo, koma ku kalabu kwathu inadutsa mwezi womwewo popanda wotsutsa, poti wotsutsayo anali ku Joni. Panatsala nkhani ya zaka. Ndondomeko ya boma ya achinyamata ya 2013 inkati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35. A Tcheya anafika pa 34 n'kumanga mabuleki. Ana awo anakula, anakwatira, wamkulu anatsala pang'ono kuwapeza, iwo akadali pa 34. Anawaulula ndi kalembera wa zitupa za unzika wa 2017: pa chitupa panatuluka 1968. Anati makina a boma alakwitsa. Komiti inakumana n'kukonza malamulo kuti wachinyamata ndi aliyense amene mtima wake ukadali wanthete.

Achinyamata enieni, a zaka 19 ndi 23, mukawapeza pamsika. Ali pa pulu, ali pa kabaza, ali mu vidiyo sho kuonera Arsenal, kubetcha K200 pa foni poyembekezera kuti ibala ya feteleza. Angapo ali ndi satifiketi ya MSCE yokulungidwa m'jumbo pansi pa mphasa. Akuluakulu amawatcha aulesi ndi osamva. Ine sindiwaimba mlandu. Anakula akuona kuti dzina lawo limabweretsa mbuzi, njinga ndi ulendo wa kunyanja, koma iwo amangoitanidwa tsiku la alendo kudzavina ndi kudzaza chithunzi. Nawo abale athu a m'tauni amafika pa Khirisimasi, kugula Sobo, kulangiza achinyamata za kulimbikira ali chitsamire galimoto ya ngongole, n'kuika zithunzi pa Facebook asanafike n'komwe pa tala.

Chaka chatha ana aja anatopa. Anapangana pa WhatsApp, gulu lomwe a Tcheya anapempha kuti akhale admin n'kukanizidwa, ndipo anaitanitsa chisankho pamaso pa a mfumu, choima kumbuyo kwa munthu. Anaimika mtsikana wa zaka 22 wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Mzere wake unakafika kumjigo. Kumbuyo kwa a Tcheya kunaima msungichuma ndi mdzukulu wawo mmodzi, yemwe anali atagwiridwa dzanja.

A Tcheya anavomera mwaulemu. Anagwirana chanza ndi wopambana, analankhula ola lathunthu za demokalase, n'kupereka kaundula, tsache ndi belu la njinga lija. Chidindo anati chauma inki, akonza kaye. Siginecha ya ku banki anati ndondomeko yake ndi yaitali. Komiti yakale inawapatsa udindo wa mlangizi wamkulu wamuyaya, ndipo dzina loti Tcheya anati silibwezedwa chifukwa anthu analizolowera.

Mtsikanayo ndi anzake anagwira ganyu wokumba mbatata n'kugula mpira watsopano. Ndalama inathera pomwepo, ya pampu ikudikira ganyu wa chaka chamawa. Ndiye Lamlungu lililonse, masewero asanayambe, ana awiri amatumidwa kwa a Tcheya kukapopa mpira. Iwo amapopa okha, chifukwa pampu ndi yosachedwa kuwonongeka. Akatero amavala tisheti yolimbikitsa kupereka mpata kwa achinyamata, kuutsatira mpirawo mpaka kubwalo, n'kupempha mphindi zisanu zokha kuti apereke mawu ochepa. Masewero a mwezi watha ndi timu ya kutsidya anathera pa hafu taimu, mdima utagwa.