Mtsogoleri wa ulendo ndinali ine

Alamu anga akhala akuifotokoza nkhaniyi m'maukwati mothira mchere wambiri, choncho ndi bwino muimve kwa mwini mlandu. Amene ananena kuti tipite ku chigwa cha Fish River Canyon, kummwera kwa Namibia, ndine. Galimoto inalinso yanga, kaja kakang'ono kamene ndimapitira kuntchito ku Cape Town, kamene chibadwire sikanapondepo msewu wafumbi.

Nzeru zanga zinali zakuti chipululu chimatentha, ndipo munthu wokulira ku Nsanje saopa kutentha. Mayi akunyumba atayamba kupinda mabulangete ndinawaletsa. "Mabulangete m'chipululu, mayi? Malo amenewo ikanipo zigubu za madzi." Anangondiyang'ana osayankha. Unali mwezi wa Juni.

Tinatsata msewu wa N7 makilomita oposa 600, n'kuwoloka mtsinje wa Orange pa Vioolsdrif kulowa ku Noordoewer. Ndalama sizinavute chifukwa randi imagwira ntchito ku Namibia. Zinthu zinasokonekera titasiya phula. Msewu wopita ku Hobas, kumene tinkakagona, ndi wamiyala, wa timabampu tondondozana, ndipo kagalimoto kanayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Ine ndinawonjezera moto, poti ndinamvapo kuti ukathamanga sumva mabampu. Tayala lakumbuyo linaphulika. Nditatulutsa sipeya ndinapeza ilibe mpweya, pakuti chigulireni galimotoyo ndinali ndisanaiyang'anepo. Netiweki kunalibe. Alamu anakakhala pansi pa mtengo wa kokerboom, uja Asani ankasema nthambi zake kupanga phodo la mivi, mtengo wa mthunzi wosakwana ngakhale mbuzi, n'kumandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Alamu, pulani yachiwiri ndi iti?" Anatipulumutsa ndi alendo ena a galimoto yaikulu amene anali ndi pampu, dzuwa litapendeka.

Usiku wa pa Hobas sindiufunira munthu. Mpweya wa kumeneko ndi wouma, mitambo kulibe, ndiye dzuwa likangolowa kutentha konse kumathawira kumwamba. Pofika pakati pa usiku zala zinali zitaleka kumva. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mayi anabisa bulangete limodzi pansi pa mpando. Anafunda okha. Alamu anavala malaya onse amene anatenga. Ine, mwana wa ku Nsanje, ndinadzikulunga m'chitenje cha mayi, pamwamba n'kuyalapo makapeti a m'galimoto.

M'mawa tinayenda makilomita pafupifupi 10 kukafika poonera chigwacho, ndipo apo ndinaiwala kaye za usiku. Dziko limangoyenda lathyathyathya, lamiyala yokhayokha, kenako mwadzidzidzi latha, patsogolo pako pali phompho. Chigwachi n'chotalika makilomita pafupifupi 160, pena n'chotambalala makilomita 27, kuya kwake kumafika mamita 550. Pansi penipeni mtsinje umakhota pamalo otchedwa Hell's Bend, koma m'chilimwe umakhala maiwe apo ndi apo, chifukwa mvula ndi yochepa ndiponso madzi amatsekedwa kumtunda, pa damu la Hardap pafupi ndi Mariental ndi la Neckartal pafupi ndi Keetmanshoop. Kuli zii. Alamu, amene salekeza kuyankhula ngakhale m'tchalitchi, anatseka pakamwa.

Ndikanakhala wanzeru ndikanangojambulitsa n'kubwerera. Koma ndinafuna kubweza ulemu umene unatayika usiku, ndiye ndinalengeza kuti nditsika, ndikasambe kumaso mumtsinje, ndibwere nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Woyang'anira malowo anandiyang'ana mimba, kenako masilipasi, n'kundifotokozera modekha kuti alendo a tsiku limodzi saloledwa kutsika. Amatsika okhawo a chilolezo choyenda ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 85 mpaka ku Ai-Ais, wa masiku anayi kapena asanu, atasenza chakudya ndi zogonera kumsana. Njirayo imatsegulidwa kuyambira pa 1 Meyi mpaka pa 15 Sepitembala basi, chifukwa miyezi ina kumatentha koopsa ndiponso madzi amatha kusefukira. Pamafunika anthu osachepera atatu komanso kalata ya dokotala. Mayi anafunsa ngati dokotala wa shuga amalemba makalata otere. Funsolo silinali lopita kwa woyang'anira uja.

Tinatsikira ku Ai-Ais pa galimoto, pang'onopang'ono tsopano. Kumeneko kuli akasupe a madzi otentha madigiri pafupifupi 60, ndipo kuyambira mu 2003 derali linaphatikizidwa ndi Richtersveld ya ku South Africa kukhala paki imodzi. Nditaviika thupi m'dziwe losambiramo ndinamva moyo ukubwerera, moti ndinaiwala kuti ndasiya windo la galimoto lotsegula, ngakhale kuti anatichenjeza za anyani. Titabwerera tinapeza atenga buledi, nkhuku yootcha, ndi thumba la ufa limene mayi anati tikaphikire nsima madzulo. Mkulu wa gululo anali pamwala, nkhope mbuu, akupisa dzanja m'thumba n'kumanyambita. Alamu anajambula zonse, kuphatikizapo ine ndikumuthamangitsa ndi silipasi imodzi m'manja.

Pobwerera mayi anatambasula dzanja osanena kanthu, ine n'kuikamo makiyi. Alamu anakhala kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo mpaka ku Springbok, nditafungatira tayala lophulika, chifukwa m'buti munali modzaza ndi zigubu zanga za madzi.