Zilembo ndi Zisanu, Nanga Maliwu 20 Achokera Kuti?

Ine ndine telala kuno ku Chainda, ndipo sukulu ndinalekezera Giredi 7. Pali nkhani ya Chizungu imene yandizunguza mutu, ndiye ndati ndifunse poyera, chifukwa safunsa anadya phula.

Tonse tinayambira pa a, e, i, o, u. M'Chinyanja zilembo zisanuzi sizinamiza munthu. Chilembo a cha mu "amayi" n'chimodzimodzi ndi cha mu "nsima" ndi cha mu "Chawama". Mwana akangozidziwa n'kuyamba kuphatikiza ba, be, bi, bo, bu, amawerenga yekha "Kalingalinga" kapena "Mtendere" ngakhale sanapondeko. Tsono n'chifukwa chiyani m'Chizungu a yemweyo amamveka mwina mu cat, mwina mu cake, mwina mu car, mwinanso mu call? Chilembo chimodzi, maliwu anayi. Mwana wongoyamba kumene adziwa bwanji loti atole?

Mdzukulu wanga wa Giredi 5 anabwera kuchokera kusukulu maso ali psuu. Anauzidwa kuti awerenge mokweza chiganizo chonena za mbalame, bird. Ana angapo amene kwawo amaonera makatuni a Chizungu anati wanena bed, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. "Ambuya, ndalakwa pati? Si mmene aliyense amanenera kuno?" Ndinamupempha kuti anditchulire bird, bed ndi bad. Anatchula mosamala, mmodzimmodzi. M'khutu mwanga onse atatu anali mawu amodzi.

Tinapita kwa aneba athu, bambo amene anaphunzitsa Chizungu zaka zambiri asanapume pa ntchito. Ndinawafunsa ngati vuto lili pa lilime la mwanayu. Anapukusa mutu. "Amayi, lilime lake lili bwinobwino. Chinyanja chili ndi mavawelo asanu polemba, asanunso polankhula. Chizungu cha ku England chili ndi asanu polemba, koma polankhula alipo pafupifupi 20." Anati 12 ndi oima pamodzi, pamene 8 amayambira pena n'kutsetserekera pena, monga mu boy, now ndi day. Ine monga wosoka ndinaona ana 20 akulimbirana mayunifomu asanu. Nanga eni ake sanaone kuti zilembo zachepa? Bwanji sanawonjezere zina?

Aphunzitsiwo anabwereka kagalasi kanga kamene makasitomala amadziyang'anirapo, n'kumupatsa mwanayo. Anati anene sheep. Milomo inatambasuka ngati akumwetulira, lilime lili m'mwamba, liwu n'kutalika. Kenako anati amasule milomo, agwetse chibwano pang'ono chabe, adule liwu msanga: ship. Pa bed anatsegula kamwa pang'ono, pa bad anatsegula kwambiri mpaka chala chimene anaika pansi pa chibwano chinatsika. Pa bird anamuuza kuti lilime aligoneke pakati, milomo asaitambasule kapena kuisongola, angotulutsa liwu lalitali. Dzuwa lisanalowe mwana anali akusiyanitsa mawu atatu aja, ndipo inenso khutu linayamba kugwira. Ngati chinthu chake n'chotheka ndi kagalasi ndi chala, n'chifukwa chiyani ana ambiri amamaliza sukulu osachionapo?

Anatiuzanso za liwu lina lofooka, lomwe lili koyamba ndi kothera kwa banana, koyamba kwa about ndi kothera kwa teacher. Ife timapatsa phatikizo lililonse liwu lake lathunthu, ba-na-na, pamene Mngerezi amatsindika lapakati, enawo n'kungowameza. Akuti liwu limeneli ndi lomwe limamveka kawirikawiri kuposa mavawelo onse m'Chizungu, koma lilibe chilembo chakechake. Liwu logwira ntchito yochuluka chonchi, losowa chilembo? Izi zinatheka bwanji?

Yankho lawo linandidabwitsa kwambiri. Akuti m'masiku a mlakatuli Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, Angerezi ankawerenga zilembozi pafupifupi mmene timawerengera ife. Time ankati "tiime", name ankati "naame", house ankati "huus". Kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700 katchulidwe ka mavawelo aatali kanasuntha pang'onopang'ono, kusintha kumene katswiri wa ku Denmark, Otto Jespersen, anakutcha Great Vowel Shift. Pakati pa kusinthako, mu 1476, William Caxton anaika makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene pakamwa pa anthu pankasinthabe. Amishonale atayamba kulemba chilankhulo chathu, monga David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre amene anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, anapatsa zilembo zisanuzi maliwu ake akale a m'Chilatini. Ndiye kuti mwana wa ku Chainda akaona i n'kunena "i", akuchita zimene chilembocho chinapangidwira. Nanga amene anasuntha ndani, ife kapena eni Chizungu?

Ndinafunsanso kuti Chizungu cholondola ndi cha ndani. Anati anthu ambiri a ku Scotland amatchula pull ndi pool mofanana. Ku Canada ndi mbali zambiri za America, cot ndi caught ndi liwu limodzi. Kumpoto kwa England put ndi putt sizisiyana. Wa ku New Zealand akanena pen, ena amamva pin. Onsewa anayamwira Chizungu, ndipo zimadziwika kuti ndi kalankhulidwe ka kwawo. Bwanji ifeyo tikaphatikiza work ndi walk zimatchedwa umbuli? Chisipanishi, Chijapanizi ndi Chiswahili nazonso zili ndi mavawelo asanu. Kodi anthu onsewo ndi operewera nzeru?

Palinso china. Mzungu akabwera kuno, dzina la komboni ya Ng'ombe limamukanika. Sasiyanitsa "ponya" ndi "phonya", kapena "pala" ndi "phala". Samva kuti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa tomato pamsika timautchula mosiyana pokweza ndi potsitsa mawu. Komabe akangoti "muli bwanji" mokhotakhota, timamuombera m'manja n'kumupatsa mpando. Timachita bwino kutero, chifukwa tikudziwa kuti khutu lake linakulira kwina. Nanga chifundo chomwecho chimathera kuti akakhala mwana wathu amene akulimbana ndi maliwu 20 achilendo?

Sindikunena kuti katchulidwe n'kopanda ntchito. Amayi ambiri a kuno amagwira ntchito m'mayadi ku Avondale ndi ku Ibex Hill, anyamata ena m'masitolo a mu Great East Road. Wina akafuna kunena kuti akukhala pamalo, living, abwana n'kumva kuti akuchoka, leaving, pakhoza kubuka mlandu. Mwana wa mchemwali wanga anakhoza bwino Chizungu pa mayeso olemba a Giredi 12, koma atapita kukafunsidwa mafunso a ntchito yoyankha mafoni pa kampani ina m'tauni, anamubweza kuti katchulidwe kake sikamveka bwino. Zaka 12 ali pasukulu, palibe anamuyesa pa zimenezo. Kodi n'chilungamo kum'mana munthu ntchito chifukwa cha phunziro limene sanapatsidwe?

Ndege zotera pa bwalo la Kenneth Kaunda sizili kutali ndi ife, timazimva. Aphunzitsi aja akuti oyendetsa ndege pa dziko lonse amalankhulana ndi a pansanja m'Chizungu, koma amaphunzitsidwa kunena "niner" m'malo mwa nine, "fife" m'malo mwa five, ndi "tree" m'malo mwa three, kuti pasakhale kumva molakwa. Pamene pali miyoyo ya anthu, chofunika ndi kumvana, osati kumveka ngati wa ku London. A Kaunda eni ake, amene anali mphunzitsi asanakhale pulezidenti, ankalankhula ku United Nations ndi Chizungu chomveka kuti ndi cha munthu wa ku Zambia, ndipo dziko linkawamvetsera. Ngati zili choncho, sitingasankhe maliwu amene amasokonezadi tanthauzo, monga a ship ndi sheep, full ndi fool, heart ndi hurt, n'kuwaphunzitsa bwinobwino, enawo n'kuwasiya akhale a kwathu?

Kuyambira mu 1966 ana a m'Zambia ankaphunzira m'Chizungu kuchokera Giredi 1, ndipo ine ndinaphunzira motero. Mu 2014 boma linati Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo zathu, kuno ku Lusaka m'Chinyanja. Njira ziwirizi n'zosiyana, koma ine ndi mdzukulu wanga tinafika pa khomo la aneba tili ndi kusadziwa kofanana. Aphunzitsi athu sindikuwadzudzula. Kalasi ikadzaza mpaka ena kukhala pansi, khutu limodzi lingamve bwanji pakamwa pa mwana aliyense? Ndipo iwowo, alipo anawagwirira kagalasi ku koleji?

Ndiye mafunso anga ndi awa, kwa olemba mabuku a sukulu, kwa ophunzitsa aphunzitsi, ndi kwa a wailesi ya ZNBC imene imafika m'nyumba zathu. N'chovuta chiyani kumuuza mwana, tsiku limene ayamba kuwerenga Chizungu, kuti zilembo zisanu zimene akuzidziwa zasenza maliwu 20, ndipo akasokonezeka si kupusa kwake? Pangawonongeke chiyani mutapatula mphindi zochepa pa sabata kuti ana amve maliwuwa ndi kuwayeseza? Ndipo inu olemba anthu ntchito, mukamva mnyamata wa m'komboni akunena work ngati walk, mumamva kuti sadziwa ntchito, kapena kuti sanapeze womuonetsa poika lilime? Amene ali ndi mayankho atiuze m'Chinyanja, kuti ife makolo timve n'kuthandiza ana kunyumba.