Mkuyu wa pa Milange umapsa pa foni

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ankachenjeza anyamata otengeka ndi nkhope yosalala, osadziwa kuti kudzabwera foni ya kamera, yotha kujambula khola la mbuzi mpaka munthu n'kufunsa mtengo wa usiku umodzi.

Amene amawoloka pa Muloza kukagula chimanga, nyemba kapena nandolo ku Milange amadziwa kuti tsiku lina dzuwa limakulowera uli tsidya. Matumba sanakwane, pachipata atseka, kapena galimoto ya ku Mocuba, ulendo wa makilomita pafupifupi 200, yakusiya ukudya chipisi. Ndiye umayamba kufunsa kogona, ndipo posakhalitsa wina wakuponyera zithunzi pa WhatsApp.

Zithunzizo muziziwerenga ngati kalata ya chibwenzi: chofunika ndi chimene sichinalembedwe. Akakutumizirani geti, maluwa, geti lomwelo chakumbali, kenaka phiri la Tumbine litavala mitambo, dziwani kuti kuchimbudzi kuli nkhani. Phirilo ndi lokongoladi, koma si la mwini nyumba, ndipo simukagona pamwamba pake. Pemphani chithunzi cha bafa. Akayankha kuti netiweki yavuta, netiweki yomweyo imene yangonyamula maluwa, mwamva kale yankho.

Eni nyumba ena amafulumira ndi ndalama. "Tumizani zonse pa M-Pesa, bwana, chatsala chimodzi chokha." Chipinda chotsala chimodzichi n'chodabwitsa, chimatsala chaka chonse. Mtengo nawo umayenda ndi chilankhulo chanu. Mukalonjera m'Chipwitikizi ndi wina, mukatulutsa makwacha ndi winanso, chifukwa amasinthira pamtima pawo ku metikali ndipo masamu ake sakomera mlendo. Gwirizanani mtengo ndi mtundu wa ndalama chikwama chisanatsike paphewa.

Mkuyu saweruza ndi maso, amaung'amba. Choncho mukafika nenani mwaulemu kuti, "Mayi, ndione kaye chipindacho." Nyumba yabwino imakupatsani kiyi mosanyinyirika. Yokayikitsa imati kiyi ali ndi mnyamata, mnyamata wapita kumsika, koma mutha kulipiriratu. Mukalowa, musathamangire kuyesa kufewa kwa bedi. Yang'anani khoma la kumutu. Timadontho tofiira ndi mbiri ya nkhondo imene anzanu anamenya ndi udzudzu, ndipo neti ikakhala ndi bowo lolowa chibakera, malungo mwawagulira limodzi ndi chipinda. Tukulani matiresi muone m'misoko. Timadontho takuda pamenepo ndi siginecha ya nsikidzi, eni enieni a malowo, amene salipira koma amadya usiku uliwonse. Ena amakwera m'chikwama n'kuwoloka nanu malire opanda pasipoti.

Ndowa yodzaza madzi pansi pa shawa ikukuuzani kuti shawayo ndi chokongoletsera. Izi zimapweteka kwambiri ku Milange, dera la mvula yambiri kumene kale kunkalimidwa tiyi wochuluka: madzi ali paliponse kupatula mumpopi. Phula la kandulo patebulo ndi lipoti la magetsi, kaya amathima okha kaya mwini nyumba amaiwala kugula mayunitsi a Credelec. Chitseko chotsekera msomali wopinda, chimenecho musafunse n'komwe.

Kudenga kukakhala mapu a madzi, mudzamva kuti, "Ndi Freddy ameneyo, bwana." Zoona, namondweyo anasakaza Zambezia ndi Mulanje mu Malichi 2023, ndipo palibe amene angaseke zimenezo. Koma pali eni nyumba ena amene Freddy anawapatsa chodzikanira cha moyo wonse. Babu lakupsa ndi Freddy, thaulo lonunkha nkhungu ndi Freddy, ngakhale mphemvu yomwe yaswedwa dzulo.

Pali nyerere ina yosaoneka masana. Nthawi ya nkhomaliro pamalo pali zii, nkhuku zikungotakataka. Koma onani kukula kwa masipika ali pakhonde ndi mulu wa makireti a mowa wa 2M kuseri. Sipika ikatalika kufika m'chiuno mwanu, tulo mukagonera kwanu. Ndipo wolandira alendo akakufunsani kuti, "Mpaka m'mawa kapena pang'ono chabe?", dziwani kuti nsalu za pabedipo zaona alendo ambiri lero kuposa ofesi ya pachipata.

Ine nyenyezi za pa intaneti sindizikhulupirira kwenikweni, poti zina amaika ndi alamu ake a mwini nyumba. Ndimakhulupirira a kabaza ndi madalaivala a mathiraki. Koma wakabaza musamufunse kuti malo abwino ndi ati, adzakutengerani kumene amalandira kangachepe. Mufunseni kuti, "Achimwene, apongozi anu atabwera kuchokera ku Quelimane, mungakawagoneke kuti?" Akatchula msangamsanga kwinaku akumwetulira, funsaninso ngati amagwirizana nawo apongoziwo.